Miyezi 8 ndi masewera a masamu pa tabuleti

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9, ali Sitandade 3 kuno ku Senga Bay. Kuwerenga Chichewa amathamanga nako, koma manambala amamuzunguza mutu. Kumuikira timiyala tinayi, sankatha kunena kuti ndi tinayi asanatiloze kamodzikamodzi ndi chala. Aphunzitsi ena amene anaphunzira ku Montfort, ku Chiradzulu, ndi amene anatiuza dzina la vutoli: dyscalculia. Anati si ulesi, mwanayo amangovutika kugwira kuti nambala ikuimira kuchuluka kwanji.

Pa Khirisimasi amalume ake anamubweretsera tabuleti kuchokera ku Johannesburg, momwe muli masewera a masamu. Tsopano tili mu Ogasiti, ndiye ndinganeneko zomwe ndaona.

Masewera amene amuthandiza kwambiri ndi a timadontho tomwe timaoneka pang'ono n'kuzimiririka, iye n'kusankha nambala yake. Mu Januwale ankangolota. Lero mpaka timadontho 5 amatchula chala chili m'thumba. Ubwino wa makinawa satopa, sakalipa, ndipo akalakwa palibe anzake omuseka. Ine mayi wake, ndisaname, kufotokoza kachitatu mawu amayamba kukwera.

Masewera ampikisano, aja oyendera wotchi, anamuliza kawiri ndipo tinawasiya. Mwana wotere ukamuthamangitsa, ndi zomwe amadziwa zomwe zimathawa.

Chomwe chinandigwetsa ulesi chinachitika mu Juni. Mwera unali utavuta, usipa utakwera mtengo, ndiye ndinamutuma kudoko ndi K2,000 kuti akagule mulu wa K1,500. Anabwera nawo usipawo, chenji osafunsa n'komwe. Pa tabuleti 20 kuchotsa 15 amapeza, koma zoti funso lomwelo lili m'manja mwake sanazione. Kuyambira pamenepo, akatha mphindi 20 pa tabuleti timakhala pakhonde ndi zitsekerero za mabotolo, ine wogula, iye wogulitsa. Agogo ake aamuna amuyambitsanso bawo, ndipo amati, "Fesa wekha, mdzukulu, ine sindikuwerengera."

Tabuletiyo galasi linang'aluka pakona, batire silikhalitsanso ngati kale, ndipo magetsi akazima timakatchajitsa kwa aneba a sola. Matebulo akadali phiri, makamaka a 7 ndi 8. Koma Loweruka lapitali anabwera kuchokera kogula tomato atafumbata K300, n'kundiuza kuti mayi wogulitsayo anafuna kumupatsa K200, iye anakana kuchoka.