STI kapena ma bar-end pa handulo yopindika ija?

Anzanga opalasa akhala akundifunsa kuti pa njinga ya handulo yopindikira pansi aikepo zosinthira magiya ziti, ndiye ndiyankhe kamodzi pano. Pali zophatikizana ndi buleki, zomwe Shimano inatulutsa mu 1990 n'kuzitcha STI, kenako Campagnolo ndi SRAM anabwera ndi zawo, komanso pali ma bar-end, timaleva tokhala kunsonga kwa handulo. Zamagetsi monga Di2 ya Shimano ya 2009 zimasintha bwino zedi, koma mtengo wake ndi zotchaja batile ine ayi.

Kukoma kwa zophatikizanazi sindikutsutsa. Dzanja silichoka pa buleki, ukukwera mtunda utaimirira umangokankha ndi chala giya yalowa. Wampikisano asavutike n'kuganiza, atenge zimenezi.

Koma chomwe sakuuzani pogula ndi nkhani ya waya. Pa zamasiku anozi waya wa giya amadutsa pansi pa tepi ya handulo, amakhota kwambiri mkati mwa shifita (chosinthira magiyacho), ndiye amayamba kuduka pang'onopang'ono malo oti maso sawona. Zanga zinayamba n'kuzengereza, udine tcheni ingolira osakwera, kenako tsiku lina leva kungopita yopepuka, waya waduka kumutu, tcheni yagwera pa giya yaing'ono yolimba ija ndili pakati pa mtunda. Kamutu ka wayako kanatsalira mkati, makaniko anachita kumakasokosola ndi kachitsulo kosongoka uku akutola tizidutswa tomwe tinamwazikira mu timano, ndipo anandiuziratu kuti kakakana kutuluka ndiye kugula leva ina. Kachubu kodutsamo waya nako kanali katatha, kuti asinthe anamasula tepi, tepiyo inang'ambika, ndiye vuto la waya mmodzi ndinalipira waya, kachubu, tepi ndi ntchito. Zinandiwawa kwambiri. Musaiwalenso kuti ukagwa, leva imeneyi ndi imene imayamba kugunda pansi, ikathyoka wataya buleki ndi giya limodzi.

Bar-end ilibe zambiri mkatimo, waya umamusolola mosavuta. Zambiri zimalola kuzitembenuza kuti zisamadine, uzingokoka mpaka tcheni ikhale chete, ndiye ngakhale derailleur (kachitsulo kosuntha tcheni pa magiya) itapindika pang'ono umafika kunyumba. Vuto lake umachotsa dzanja pa buleki kukasintha giya, ndipo pokhota mothina bondo limatha kuigunda. Umazolowera.

Pa zokongoletsa ndi zomangirira ndi pomwe ine ndinatsimikiza. Leva ya STI imakankhidwira mkati, ndiye chikwama chachikulu cha pahandulo chimaitchinga, makamaka handulo ikakhala yopapatiza. Ndi bar-end chikwama chimakhala momasuka, tochi ndi foni zikwana pakati. Chomwe mungataye ndi kagalasi koonera kumbuyo kolowetsa kunsonga kwa handulo, malo ake atengedwa. Ine wamaulendo atali onyamula katundu ndili ku bar-end ndipo sindibwerera.

Musanagule chilichonse onani kaye kugwirizana kwake, shifita ya Shimano Tiagra 4700 ndi ya magiya 10 koma siyenda bwino ndi derailleur yakale ya magiya 10 chifukwa imakoka waya mosiyana. Belu nalo yezani, handulo yowongoka ndi 22.2mm pogwira pomwe yopindikayi ndi 23.8mm, pakati pake nthawi zambiri 31.8mm, ndiye belu wamba sililowa.