Chingwe cha Y, matchanelo awiri kapena MatchBox: kuyendetsa ma servo awiri mofanana

Ndege zikuluzikulu zoyendetsedwa ndi rimoti nthawi zambiri zimakhala ndi ma servo (timamota tosuntha zigawo zowongolera ndege) awiri pa elevator (chigawo cha kumchira chokweza ndi kutsitsa ndege), imodzi kumanzere ina kumanja, ndipo awiriwa akasiyana ngakhale pang'ono, ndege imapendekera mbali imodzi mukaikweza mwamphamvu.

Njira yotsika mtengo ndi chingwe cha Y, chimene chimagawira ma servo onse awiri uthenga wochokera pa tchanelo imodzi (njira imodzi ya uthenga wa rimoti). Choipa chake n'chakuti simungakonze servo imodzi payokha, popeza sub-trim (chokonzera cha pa rimoti cha malo apakati pamene servo imaima) imasuntha onse pamodzi. Chingwe cha Y chotembenuza, chimene ena amachigula pofuna kuti servo imodzi izizungulira mobwerera, ine sindichidalira, chifukwa malo apakati pamene servo imaima amatha kusuntha kunja kukatentha kapena kukazizira.

Kupatsa servo iliyonse tchanelo yake n'kuwalumikiza pa transmitter (rimoti yogwira m'manja) kumakulolani kukonza pakati, malire ndi mbali yozungulira pa servo iliyonse popanda kugula chipangizo china. Pa elevator ya zigawo ziwiri, iyi ndiyo njira imene ndingasankhe. Komabe ma transmitter akale ankatumiza matchanelo motsatizana, moti servo ya pa tchanelo 8 inkatsalira pang'ono m'mbuyo mwa ya pa tchanelo 2. N'chifukwa chake kampani ya Spektrum inabweretsa ServoSync, imene imatumiza pamodzi matchanelo olumikizidwa. Muonetsetsenso kuti trim (chokonzera pakati pang'ono ndege ikuuluka) ikufika ku servo yachiwiri.

Nkhani imasintha ma servo awiri akamakoka chinthu chimodzi, monga rudder (chokhotetsera cha kumchira) kapena aileron (chopendeketsera ndege cha pa phiko) yaitali. Pamenepa akasiyana amalimbana okhaokha: amalira, amatentha, amamaliza batire msanga, mwinanso kupsa kumene. Apa mpamene MatchBox ya kampani ya JR, imene imalandira ma servo ofika anayi pa tchanelo imodzi n'kukulolani kukonza iliyonse payokha, imaposa njira zinazo, ndipo ma servo a digito a kampani ya Hitec amakonzedwa chimodzimodzi ndi chipangizo chawo chotchedwa programmer. Musadalire khutu lokha. Lumikizani ammeter (choyezera magetsi amene akukokedwa), kenako muzisintha pakati ndi kumalire onse awiri kufikira magetsi amene akukokedwa atatsikiratu.

Koma palibe chipangizo chimene chingawongole mikono ya servo yosiyana kutalika kapena yoikidwa mopendekeka. Mikono yonse iime pa madigiri 90 ndi pushrod (kandodo kolumikiza mkono wa servo ku chigawo chosuntha), pa bowo lofanana, sub-trim isanakhudzidwe. Poyesa elevator, matani kamtengo kowongoka pa chigawo chilichonse, nsonga zake zikumane kumbuyo kwa mchira, ndipo muyendetse stick (kandodo ka pa rimoti) pang'onopang'ono mukuyang'ana ngati nsongazo zikusiyana.