restic find: kusaka fayilo pamene mwini wake waiwala foda

Anthu amene amandipempha kuti ndiwabwezere fayilo yotayika sadziwa kawirikawiri komwe inali. Amangoti, "Inali ya Excel, ya malipiro, mwina mu Documents, kapena m'foda ina m'katimo." Pulogalamu ya backup ndimaiweruza pamenepa: kodi ingapeze chinthu ndi dzina lodukiza komanso njira yodukiza? restic imatha, ndipo ndi chifukwa chake sindinaisiye.

Ndi yaulere, inalembedwa m'chinenero cha Go, ndipo anaiyambitsa ndi Alexander Neumann mu 2014. Ilibe mabatani odina, zonse mumachita kulemba pa terminal, zenera lolembamo malamulo a kompyuta. Backup iliyonse imasungidwa ngati snapshot, kopi ya mafayilo momwe analili pa nthawiyo, yokhala ndi deti lake, ndipo lamulo la find limayenda m'ma snapshot onsewo ulendo umodzi. Pa pempho ngati lija ndimalemba chonchi:

restic find -i -l "/home/*/Documents/**/malipiro*.xlsx"

Kanyenyezi kamodzi kali pakati pa home ndi Documents kamaimira dzina la foda imodzi basi. Sikadumpha slash (/). Choncho kamagwira foda ya munthu aliyense wogwiritsa ntchito kompyutayo, koma sikatsikira pansi. Tinyenyezi tiwiri totsatizana ndi tomwe timatsika, kaya fayiloyo yakwiriridwa mafoda asanu pansi, kaya ili mu Documents momwemo. Kusiyana kumeneku ndi komwe kumapangitsa ambiri kuganiza kuti fayilo kulibe pomwe ilipo. Ka -i kamaletsa kusiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, poti wina amalemba Malipiro, wina MALIPIRO. Ka -l kamaonetsa kukula kwa fayilo ndi tsiku lomwe inasinthidwa komaliza.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi momwe zotsatira zimabwerera. Zimasanjidwa pansi pa snapshot iliyonse, ndiye mukamawerenga mumaona mbiri yonse ya fayiloyo: apa inali yodzaza, apa yachepa mwadzidzidzi chifukwa wina anafufuta mizere nkusunga, apa yasowa. Nthawi zambiri yomwe munthu akufuna si yomaliza ayi, ndi ija ya tsiku lisanafike ngoziyo.

Pali timakhalidwe tofunika kutidziwa. restic imayerekezera dzina lathunthu, osati chidutswa. Mukalemba malipiro okha popanda kanyenyezi, malipiro_2023.xlsx siituluka. Slash ya kumayambiriro ilinso ndi ntchito: ikakhalapo, kusaka kumayambira pamizu penipeni, ndipo restic imalumpha mafoda omwe sangagwirizane ndi zomwe mwalemba. Ikapanda kukhalapo, imasuzumira paliponse. Ngati backup ili pa disiki yapafupi simuona kusiyana kwenikweni, koma ikakhala kutali, pa malo osungira mafayilo a pa intaneti monga S3 kapena Backblaze B2, ma snapshot nkukhala ochuluka, mudzadikira. Ine ndimachepetsa ntchitoyo ndi --host kapena --snapshot ndikadziwa kompyuta kapena nthawi yake.

Zizindikiro za mawu ogwidwa zija musazisiye. Popanda izo bash, pulogalamu yolandira malamulo pa terminal, imayamba yatambasula tinyenyezito malinga ndi zomwe zili pa disiki lero, restic nkulandira zina. Limeneli si vuto la restic, koma amene amanyozedwa ndi iyo.

Chomwe sindikondwera nacho ndi dzina la --path. Aliyense watsopano amaganiza kuti apa ndi poika njira ya tinyenyezi. Si choncho. Ntchito yake ndi kusankha ma snapshot omwe anatengedwa kuchokera pa njira imeneyo ndendende, chilembo ndi chilembo. Njira ya tinyenyezi imalowa mu pattern yeniyeniyo, kutanthauza mawu osakira aja. Pa ma backup a Windows kumbukiraninso kuti C:\Users imasungidwa ngati /C/Users, ndiye mumalemba ndi slash yopendekera kutsogolo.

Amene munazolowera BorgBackup, pulogalamu ina ya backup, samalani, malamulo ake ndi ena. Borg ili ndi mitundu ingapo ya ma pattern, monga fm:, sh: ndi re:, ndipo mu fm: kanyenyezi kamodzi kamadumpha slash bwinobwino. Kumeneko kuli mphamvu zambiri, makamaka re: kwa odziwa regex (kalembedwe kapadera ka mawu osakira), zomwe restic find ilibe. Koma ine ndimakonda lamulo limodzi losasintha kusiyana ndi kukumbukira kuti lero ndili mu mtundu uti.

Ndipo lamulo limodzilo limagwira ntchito mpaka pobweza. Pattern yomwe yapeza fayilo mumangoikopera ku restic restore, kutsogolo kwa --include, kapena --iinclude ngati munasaka ndi -i, nkutchula snapshot yomwe mwasankha. Pa --target ikani foda yopanda kanthu, kuti fayilo yakale isagwere pamwamba pa yomwe munthuyo akugwiritsa ntchito panopa. Kwa amene amasamalira makompyuta a anthu angapo ndipo terminal siimuopsa, ndikuivomereza. Wofuna bokosi losakira ndi batani loti adine, restic yokha siimupatsa zimenezo.