Mnyamata wophunzitsa agalu wa pa Bvumbwe, ntchito amaidziwa

Amene mukusunga tiana ta agalu m'nyumba, pa Bvumbwe pali mnyamata wina amayenda m'makomo kuphunzitsa agalu, ndalama zanga sizinapite pachabe. Kagalu kathu ka miyezi 3 kamangokodza pa kapeti pabalaza, bambo akunyumba ndiye kumakakwapula ndi patapata nkukagunditsa mphuno pamkodzopo koma olo kusintha, kanangoyamba kumakodzera kuseri kwa sofa. Mnyamatayo anati zomenyazo siyani, galu sadziwa kuti chikwapucho ndi cha zomwe anachita kale, amangophunzira kukuopani inuyo basi. Akuti pamsinkhu umenewu sikangasunge mkodzo maola ambiri, ndiye muzikatulutsa kakangodzuka, kakangodya ndi kakamaliza kusewera, malo ake omwewo, ndipo kakakodza panja nthawi yomweyo kapatseni kausipa nkukayamikira. Pomwe kanaipitsa muchape mpaka fungo lithe, apo ayi kabwereranso pompo. Zatheka ndithu, ngakhale usiku wina kamaphonyabe.

Vuto la mnyamatayu ndi kuchedwa, makamaka mvula ya ku Thyolo kuno ikayamba akabaza nkumavuta. Mtengo mumakambirana. Anatikumbutsanso za katemera wa chiwewe.