Monthly budget ya mu Google Sheets: siyokongola koma siyinama

Anthu ambiri akaganiza zoyamba bajeti amathamangira kufuna app yokongola ya zithunzi zamitundumitundu, ine ndikuti musanapite kutali yesani kaye ka template (tebulo lokonzedwa kale loti muzingolembamo) ka Monthly budget komwe kali mu Google Sheets, pulogalamu ya Google ya matebulo owerengera. Nkaulele, kamangofuna akaunti ya Google yomweyo yomwe mumatsegulira Gmail, ndipo pa zonse zomwe ndayesapo posunga bajeti ya pakhomo aka ndi komwe kakhalitsa mufoni mwanga. Zovuta zake zilipo ndipo ndizinena, koma ntchito yeniyeni ya bajeti kamaigwira bwinobwino, kukuonetsa kusiyana kwa ndalama yomwe umaganiza kuti ugwiritsa ntchito ndi yomwe yatulukadi mthumba.

Kukapeza sikuvuta. Pa foni mumatsegula app ya Sheets, kudina ka plus kali pansipa, kusankha template kenako Monthly budget. Pa kompyuta kali mu template gallery pamwamba penipeni. Kakatseguka mupeza masamba awiri basi, Summary ndi Transactions. Ku Summary ndi komwe mumalemba ndalama yomwe mwayamba nayo mwezi, kenako gulu lililonse mumalipatsa gawo lake, za nyumba, zakudya, thiransipoti, zachipatala, ngongole, mabilu ndi zina. Ku Transactions ndi kolemba chilichonse chomwe chatuluka kapena kulowa, tsiku, kuchuluka kwake, chinali chani, ndi gulu lake lomwe mumangosankha pa ka mndandanda kotsika. Kuwonkhetsa kumachitika kokha kuseri ndi ma formula, inu ntchito yanu nkulemba basi.

Ndiye pali mizere itatu yomwe kwa ine ndi mtima wa chinthu chonsechi: Planned, Actual ndi Diff. Woyambawo ndi zomwe munalonjeza, wachiwiri ndi zomwe munachita, wachitatu ndi umene umakuululani. Mzere wa Diff ulibe ulemu anzanga. Unalemba kuti za bandulo ndi mayunitsi zikwana mwakuti, pofika pa 18 kanambala kaja kali kale pa minus ndipo mwezi udakalipo, palibe woti umunamizire chifukwa unalemba ndiwe wemwe ndi chala chako. Bajeti ili ngati sikelo ya kuchipatala, siyikuchepetsa thupi koma siyikusangalatsanso ndi bodza.

Chifukwa chake zimenezi zili zofunika nchakuti mutu wa munthu sudziwa kuwerengera ndalama zing'onozing'ono. Lendi palibe amaiwala, fizi palibe amaiwala, izi zimapweteka nthawi imodzi ndipo umazikumbukira mpaka tsiku. Zomwe zimadya malipiro ndi tija timatuluka tsiku ndi tsiku, ka bandulo ka tsiku limodzi kogula kangapo pa sabata mmalo mwa ka pamwezi, kachakumwa podikira munthu, ndalama yomwe amadula potumiza kapena potapa ndalama, ka subscription komwe unayesa mwezi umodzi nkuiwala kuletsa. Chilichonse pachokha nchochepa moti ukhoza kuseka munthu wochilemba, koma zikaikidwa mgulu limodzi mwezi wathunthu nambala yake imakuyang'ana mmaso. Mukafunsa munthu aliyense kuti amawononga zingati pa tinthu totere akuuzani nambala yotsika, si kuti akunama dala ayi, ndi mmene kukumbukira kumagwirira ntchito basi.

Pali katswiri wa zachuma wa ku America, Richard Thaler, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2017, ndipo zina mwa zomwe amadziwika nazo ndi kufotokoza kuti anthufe timagawa ndalama mmatumba a mmutu molingana ndi komwe yachokera. Salale timaisamala, koma bonasi kapena ndalama yomwe wina watibwezera mosayembekezera timaitenga ngati yotola, imatha tsiku lomwelo, chonsecho ndi ndalama yofanana ndipo ikanalipira ngongole yomweyo. Mu sheet iyi mbali ya Income ili ndi mzere wa bonasi ndi wa zina, ndipo ukangoilemba pamenepo imasiya kukhala yotola, imalowa mchiwerengero ngati zinzake. Kanthu kakang'ono koma kamasintha mmene umaigwirira.

Tsopano pomwe anthu ambiri amadandaula mpamene ine ndimakakondera. Sikalumikizana ndi banki, sikawerenga ma meseji anu, chilichonse mumalemba nokha. Zotopetsa eti? Inde, masiku oyambawo zimatopetsa. Koma kulemba nokhako ndi komwe kumaluma. Madzulo mwakhala pampando foni mmanja, mwatulutsa timalisiti topindika ta mthumba, kena kafufutika kale inki, mukutayipa deti, nambala, kenako bokosi la Description likudikira kuti munene chinali chani. Pamenepo ndi pomwe umayamba kudzifunsa wekha kuti koma ichi ndimachifunadi? App yomwe imakoka zonse yokha ku banki imakupatsa lipoti lokongola kumapeto kwa mwezi ndalama itapita kale, umangoliyang'ana nkupukusa mutu. Iyi imakupangitsa kukumana ndi chomwe wagula tsiku lomwelo, mawa lake ukafika pa kauntala dzanja limayamba lazengereza.

Kwa amene muli pabanja, batani la Share ndi chinthu chachikulu. Mumaika imelo ya akunyumba, nonse mumaona sheet imodzi, aliyense akulemba pafoni yake ndipo zimaoneka pompo kwa mnzake. Ife kwathu zinachepetsa funso lija la ndalama ija yapita kuti, lomwe aliyense amene anakhalapo pabanja akudziwa kuti silifunsidwa ndi nkhope yosekerera. Nkhani imachoka pa iwe ndi ine nkupita pa nambala. Komanso pa kompyuta pali version history yomwe imaonetsa amene anasintha ndi nthawi yake, ndiye zofufuta mwakachetechete kulibe kkkk. Koma chenjezo, musasandutse sheet kukhala polisi. Ikani mzere wa ndalama ya aliyense payekha, yochepa chabe, yoti munthu asafotokoze kuti wagulira chani. Popanda zimenezi mmodzi amangoyamba kubisa, ndipo bajeti yomwe wina akubisa zinthu ilibenso ntchito.

Pomwe template iyi ndi yofooka kwambiri ndi pa zinthu zomwe sizibwera mwezi uliwonse. Imaona mwezi umodzi basi. Chonsecho zomwe zimagwetsa mabanja ambiri mngongole si zakudya za tsiku ndi tsiku ayi, ndi fizi ya teremu, inshuwalansi ya pachaka, kukonza denga kapena galimoto, foni yakufa, matenda, ulendo wa mwadzidzidzi. Zambiri mwa izi timazitcha zadzidzidzi pomwe timadziwiratu kuti zikubwera, chomwe sitidziwa ndi tsiku lokha. Njira yake njosavuta, wonkhetsani zonse zapachaka zomwe mukuzidziwa, gawani ndi 12, nambala imeneyo ipangireni gulu lakelake mu Summary nkumaichotsa mwezi uliwonse ngati bilu, ndalamayo ikakhale kwina komwe simuifikira msanga. Template siyikuuzani zimenezi, muyenera kuonjezera nokha. Ilipo inzake ya Annual budget mu gallery momwemo yomwe imayala miyezi yonse 12 pamodzi, koma pa foni ndi yotambalala kwambiri, ine ndimangoitsegula pa kompyuta mwa apo ndi apo.

Ndipo nkhani ya ngongoleyi ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pomwe kusowa bajeti kumadula kwambiri. Munthu amene sanakonzekere fizi amakabwereka, nthawi zambiri komwe amapereka msanga, ndipo kopereka msanga ndi komwe chiwongola dzanja chake chimakhala chowawa. Tengani chitsanzo cha 10 peresenti pamwezi, imamveka yochepa. Koma ngati simukubweza ndipo chiwongola dzanjacho chikuunjikana pamwamba pa chinzake, pakutha miyezi 12 ngongoleyo imakhala yaposa katatu pa yomwe munatenga. Mutha kuziyesa nokha mu Sheets momwemo, lembani =100*1.1^12 mubokosi lililonse lopanda kanthu, itulutsa 313 ndi kakanthu pamwamba. Mwezi wotsatira umayamba uli ndi dzenje kale, umabwerekanso kuti utseke dzenjelo, basi zikungozungulira choncho. Bajeti siyiwonjezera malipiro, aliyense wokuuzani choncho akukunamizani, koma imakuonetsa dzenje pa 10 osati pa 28, nthawi yoti mutha kusiyako zina idakalipo.

Wina afunsa kuti nanga mu Planned ndilembe zingati? Pali lamulo lotchuka lija la 50/30/20 lomwe Elizabeth Warren wa ku America ndi mwana wake Amelia Warren Tyagi analifalitsa mu 2005, theka la ndalama yotsala msonkho ukachotsedwa lipite ku zofunika zenizeni, 30 peresenti ku zongofuna, 20 peresenti kusunga ndi kubweza ngongole. Poyambira lili bwino, koma musadzione olephera ngati sizikukwana. Munthu wolandira zochepa lendi ndi zakudya zokha zimadutsa theka kutali, ndiye kumuuza kuti 30 peresenti ndi ya zosangalatsa nkumuseka. Malangizo anga ndi oti mwezi woyamba musavutike ndi Planned, ingolembani Actual yokhayokha moona mtima, mwezi wachiwiri ndiye mukonze potengera zomwe mwaonazo. Bajeti yolemba mongoganizira imagwa sabata yoyamba, munthu nkukhumudwa nkusiyiratu. Ndipo mitengo ikamakwera manambala a Planned muziwabwereranso, a chaka chatha sangagwire chaka chino.

Kwa a bizinesi ndi a maganyu omwe ndalama imabwera mosiyanasiyana, konzani potengera mwezi wouma osati wonona, zoonjezera zikabwera zipite kaye ku thumba la zapachaka lija. Ndipo ndalama ya bizinesi ikhale ndi sheet yake, musaisakanize ndi ya pakhomo, mpamba umathera mmenemo.

Zina zokwiyitsa ndi izi. Pa foni mabokosi ndi ang'onoang'ono, chala chikaphonya pang'ono mutha kulemba pamwamba pa formula mzere wonse nkusokonekera, ndiye gwirani mabokosi okhawo oyenera kulembamo, zikavuta dinani undo msangamsanga. Mwezi ukatha siyitembenuka yokha, mumapanga copy, kufufuta za mu Transactions, nkulemba nokha ndalama yotsala ngati poyambira mwezi watsopano. Ilibe chokukumbutsani, mukaiwala kulemba sabata yathunthu imangokhala phee, ine ndinangotchera alamu ya madzulo pa foni. Chizindikiro cha ndalama chitha kubwera cha dziko lina, mumasintha ku Format. Magulu ake ndi a Chingerezi ndipo ena sangakukhudzeni, muli mpaka mzere wa Pets, amene mulibe galu kapena mphaka ingofufutani dzinalo mulembepo fizi kapena thandizo la makolo, mu Chichewa momwe zimatheka. Netiweki ikavuta imagwirabe ngati munayatsa kuti faelo izipezeka offline, zomwe mwalemba zimakalowa intaneti ikabwera. Ndipo poti zonse zimakhala pa akaunti ya Google, musalembemo PIN kapena pasiwedi ya ku banki, bajeti siyifuna zimenezo.

Chinanso chomwe chimandikhazika mtima pansi nchakuti manambala anga ndi anga. Ma app a bajeti amabwera nkupita, Mint yomwe inali yotchuka kwambiri ku America inatsekedwa ndi eni ake a Intuit mu 2024, anthu omwe anasungamo zaka zambiri anayamba kusakasaka kwina kosamukira. Sheets yakhalapo kuyambira 2006, ndipo ngakhale tsiku lina itasintha, faelo yanu mutha kuidawunilodi ngati Excel, CSV kapena PDF nkupita nayo komwe mukufuna.

Kodi kope ndi bolopeni sizingagwire ntchito yomweyi? Zingagwire kwambiri, ndipo amene muli nalo kale kope ndipo mumalembadi musalisiye chifukwa cha ine. Chomwe Sheets ikuposa ndi kuwonkhetsa kopanda kulakwa ndi kuonera limodzi anthu awiri ngakhale mmodzi ali kutali. Amene mukufuna zongodzichitikira zokha osagwira kanthu iyi ikutopetsani, fufuzani ina. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi, imodziyo ndachotsa chifukwa cha timabokosi ta pa foni ndi zoti mwezi uliwonse ndizipanga copy ndekha.