WhatsApp, Telegram ndi Signal: ndi iti imene imasungadi chinsinsi?

Mu Januwale 2021, WhatsApp italengeza kuti ikusintha malamulo a mmene imagwiritsira ntchito zokhudza makasitomala ake, anthu mamiliyoni ambiri anathawira ku Telegram ndi ku Signal. Kuyambira pamenepo mayina awiriwa amatchulidwa limodzi ngati kuti ndi chinthu chimodzi, ndipo alipo ambiri amene mpaka lero amakhulupirira kuti kusamukira ku Telegram ndiko kubisala. Pa nkhani ya chinsinsi, ine ndikuona kuti Telegram ndiyo ili pambuyo mwa zitatuzi, ndipo zimandidetsa nkhawa kuti anthu amakambirako nkhani zikuluzikulu atamasuka.

Tiyambe ndi mmene uthenga umayendera. Pa WhatsApp ndi pa Signal, uthenga umatsekedwa mufoni yanu, n'kukatsegulidwa mufoni ya munthu amene mwamutumizirayo. Makiyi ake amakhala m'mafoni mwanumo, ndiye kampani imangonyamula chinthu chimene siingathe kuwerenga. Njira imeneyi anaipanga ndi anthu a Signal, ndipo WhatsApp inamaliza kuiika pa mauthenga ake onse mu Epulo 2016, kuphatikizapo magulu, mavoisi noti ndi kuimbirana. Choncho pa mawu enieni amene mwalemba, WhatsApp ndi Signal sizisiyana kwenikweni.

Telegram, imene Pavel Durov ndi mkulu wake Nikolai anayambitsa mu 2013, imachita mosiyana. Macheza wamba onse amasungidwa pa makompyuta a kampaniyo, ndipo makiyi ali ndi kampaniyo. Zili ngati kusungitsa katundu m'nyumba ya munthu wina: chitseko n'chokhoma ndithu, koma kiyi ali naye ndi mwini nyumba. Ilipo njira yotchedwa Secret Chat imene imatseka uthenga mpaka kukafika, koma muyenera kuchita kuitsegula nokha, imagwira pakati pa anthu awiri okha, ndipo m'magulu mulibe. Gulu lililonse la pa Telegram, likhale la anthu asanu kapena masauzande, kampani ili ndi njira yofikira zimene zalembedwamo. Ubwino wake ndi woti foni ikatayika, mukalowa pa ina mumapeza zonse zili momwemo. Ndi ubwino weniweni, koma mtengo wake ndi umenewo.

Pamene WhatsApp imagonjera Signal ndi pa zinthu zozungulira uthengawo. Facebook, imene pano ikutchedwa Meta, inagula WhatsApp mu 2014 pa mtengo wa pafupifupi madola 19 biliyoni, ndipo Meta imapeza ndalama zake potsatsa malonda. Siwerenga zimene mwalemba, koma imadziwa nambala yanu, mtundu wa foni yanu, magulu amene mulimo, ndi nthawi imene mumakhala pa intaneti. Kwa mtolankhani amene akulankhula ndi munthu woulula zakatangale, kungodziwika kuti awiriwo amalumikizana n'kokwanira kuika munthuyo pa ngozi. Mu Seputembala 2021 bungwe loteteza zinsinsi za anthu ku Ireland linalipiritsa WhatsApp chindapusa cha mayuro 225 miliyoni chifukwa chosafotokozera anthu momveka bwino zimene imachita ndi zokhudza iwo.

Signal imayendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu, limene linakhazikitsidwa mu 2018 ndi madola 50 miliyoni ochokera kwa Brian Acton. Acton ameneyu ndi mmodzi mwa anthu awiri amene anayambitsa WhatsApp, ndipo anachoka ku Facebook mu 2017. Chimene chimandikhutiritsa pa Signal si malonjezo ake koma zimene zinachitika itayesedwa. Mu 2016 khoti lina ku Virginia, ku America, linailamula kuti ipereke zimene ikudziwa za munthu wina. Inapereka zinthu ziwiri zokha, tsiku limene munthuyo analembetsa ndi tsiku limene analowa komaliza, chifukwa zina zonse inalibe. Kuyambira 2024 mukhozanso kupatsa munthu dzina longodzisankhira m'malo mwa nambala. Kuno kumene SIM iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, kupereka nambala n'kupereka dzina lanu lenileni, ndiye njira imeneyi si yaing'ono.

Telegram nayonso inayesedwa. Kwa zaka zambiri inkadziwika ngati yosamvera maboma, moti Russia inaitseka kuyambira 2018 mpaka 2020. Koma pa 24 Ogasiti 2024 Durov anamangidwa pa bwalo la ndege la Le Bourget pafupi ndi Paris, pomuganizira kuti kampani yake imalekerera zigawenga ndipo siithandiza apolisi. Mwezi wotsatira Telegram inasintha malamulo ake, n'kunena kuti izipereka nambala za foni ndi ma IP adiresi (manambala ozindikiritsa kumene munthu walumikizira intaneti) kwa akuluakulu a boma akabwera ndi pempho lovomerezeka ndi lamulo. Sindikunena kuti kuthandiza kugwira zigawenga n'kulakwa. Ndikunena kuti kampani imene imasunga zinthu ikhoza kukakamizidwa kuzipereka, pamene imene sisunga ilibe chopereka.

Nkhondo ya pakati pa maboma ndi makampaniwa sinathe. Ku Britain, kumene abale athu ambiri amakhala, lamulo la Online Safety Act la 2023 lili mkati mokambidwa, Signal ndi WhatsApp zonse zinanena poyera kuti n'kwabwino kuchoka m'dzikomo kusiyana n'kufooketsa katsekedwe ka mauthenga.

Tsopano za m'thumba, pajatu ndi pamene ambirife timasankhira. TNM ndi Airtel ali ndi mabandulo otsika mtengo a WhatsApp, ndipo ndi pamenepo pali gulu la mpingo, la banki mkhonde, la maliro, la makolo a kusukulu ndi la makasitomala. Signal imafuna bandulo ya intaneti wamba, komanso mukaitsegula mwina mupezamo anthu owerengeka amene mumawadziwa. Pulogalamu yotumizirana mauthenga yopanda owatumizira ilibe ntchito, ndiye apa WhatsApp ilibe mnzake, ndipo sindingauze mayi wogulitsa zitenje kuti aichotse.

Telegram ili ndi pake pamene imaposa zonse. Gulu lake limafika anthu 200,000, pamene la WhatsApp limathera pa 1,024 ndipo la Signal pa 1,000. Munthu wolowa lero akhoza kuona zimene zinatumizidwa kale, mafayilo sadzaza foni chifukwa amakhala ku kampani, ndipo mukhoza kubisa nambala yanu kwa anthu a m'gulu amene simukuwadziwa. Kwa ophunzira ogawana manotsi, kapena bungwe lolengeza zinthu kwa anthu ambiri, palibe chofanana nayo. Muziitenga ngati malo a poyera, ndipo muzilembapo zimene simungadandaule zitawerengedwa ndi aliyense.

Pali chinthu china chimene zitatu zonsezi sizingakutetezeniko, ndipo ndi chimene chimagwetsa anthu ambiri m'mavuto. Ku Malawi anthu akhala akumangidwa chifukwa cha mawu amene analemba kapena kujambula m'magulu a WhatsApp, nthawi zambiri pogwiritsa ntchito lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Pa milandu yotere sipafunika kuthyola makiyi a kampani. Mmodzi wa m'gulu momwemo amajambula screenshot kapena kutumiza voisi noti kwina, basi. Ngakhale Signal siithandiza pamenepa. Mu Malichi 2025 akuluakulu a chitetezo a boma la America ankakambirana pa Signal za kuphulitsa mabomba ku Yemen, osadziwa kuti mwangozi alowetsa m'gulumo Jeffrey Goldberg, mkonzi wa magazini ya The Atlantic. Pulogalamuyo inagwira ntchito yake bwinobwino, inafikitsa uthenga kwa aliyense amene anali m'gulumo. Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene MACRA imayang'anira, limakhudza mmene mabungwe ndi makampani amasungira zokhudza anthu, koma silingabweze screenshot imene yayenda kale.

Ndiye ine ndimalangiza chonchi. WhatsApp ikhale ya tsiku ndi tsiku, koma muikonze. Tsegulani two-step verification, loko wachiwiri wa akaunti yanu, n'kuika PIN, chifukwa akuba ambiri amalanda akaunti pongokunyengererani kuti muwatumizire manambala asanu ndi limodzi amene abwera pa SMS, kenaka n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Ngati mumasunga macheza anu ku Google Drive kapena ku iCloud, tsegulani njira yowatseka ndi pasiwedi imene inabwera mu 2021, apo ayi mauthenga otsekedwa aja amakakhala kumeneko opanda chitetezo chomwecho. Ndipo GB WhatsApp ndi zinzake muzisiye. Sizichokera ku kampaniyo, simudziwa amene anazipanga, ndipo akaunti yanu ikhoza kutsekedwa.

Signal ikhale ya nkhani zimene zitatuluka zingapweteke munthu: zaumoyo, za milandu, za mtolankhani ndi omutsina khutu, za mayi amene akuthawa nkhanza. Ikani kuti mauthenga azifufutika okha pakapita nthawi, ndipo gulu likhale la anthu amene mumawadziwa mmodzimmodzi.

Chifukwa china chokhalira nazo zingapo n'chakuti tsiku lina imodzi ikhoza kutsekedwa. Zinachitika ku Zambia pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, pamene WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinasiya kugwira mpaka khoti lalikulu litalamula ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti m'dzikomo, kuti izitsegule. Zinachitikanso ku Mozambique chisankho cha Okutobala 2024 chitatha. Pulogalamu yachiwiri imafunika kuiika mufoni, n'kugwirizana ndi abale anu kuti nawonso aiike, intaneti ikadali bwino.