Kuphunzira kuwotcherera: ku koleji kapena pa shedi?

Njira ya koleji, monga Soche kapena Nasawa, imadzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Imafuna satifiketi ya MSCE ndipo malo ndi ochepa. Koma wophunzira amadziwa kuwerenga pulani, amatumizidwa kukampani kukazolowera ntchito, n'kutuluka ndi pepala lomwe mafakitale a ku Makata ndi Kanengo amalilemekeza.

Pa shedi ya mmisiri ku Ndirande safunsa pepala. Mnyamata amayamba n'kupala dzimbiri, posakhalitsa akulumikiza mafelemu a mawindo, usiku maso akutuluka misozi chifukwa magalasi ndi amodzi okha. Dzanja limakhwima msanga, ya sopo imapezeka. Chimandiwawa n'chakuti katswiri wotereyu amabwezedwa pageti la fakitale, pokhapokha atakalemba mayeso a boma oyesa luso la ntchito zamanja.